A Sakala ndi Mwala Wochokera Kumwamba

M'midzi ya kwa Mlonyeni, munthu akafuna chitsime ankatuma mawu kwa a Benedicto Sakala. Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, wosakonda zolankhulalankhula. Ankamveka asanaoneke chifukwa cha chifuwa chawo chouma, chimene sichinkatha ngakhale m'chilimwe. Anthu akachimva kuseri kwa mpanda ankadziwa kuti a Sakala afika, piki, fosholo ndi chingwe zili pa kaliyala wa njinga.

Chifuwacho anachitenga ku migodi ya ku Zambia. Anapitako ali mnyamata, kutsatira mkulu wawo Vitus amene anali atapeza kale ntchito pa mgodi wa kopa kufupi ndi Kitwe. Kuwoloka malire sikunali kwachilendo kwa iwo, pakuti theka la abale awo linali cha ku Chipata. Pansi pa nthaka anaphunzira kugogoda denga ndi chitsulo n'kumva ngati mwala uli wolimba kapena ukufuna kugwa. Anakwatira Anasi, mtsikana wa ku Chiosya, n'kupita naye kumeneko.

Boma la kumeneko litagulitsa migodi, pa mgodi wawo panabwera eni atsopano. Anachepetsa anthu, ndipo ntchito yochirikiza denga inayamba kuchitika mothamanga. Tsiku lina denga linagwa m'ngalande imene munali Vitus. A Benedicto anali m'gulu lokumba kufunafuna anzawo, ndipo anatulutsa okha mtembo wa mkulu wawo. Pasanapite nthawi, nawonso anachotsedwa ntchito. Anabwerera kumudzi ndi mkazi wawo, khanda lawo Millicent, ndi Rodrick, mwana wa malemu Vitus, amene mayi ake anakakwatiwanso ku Ndola.

Kumudzi anayamba kukumba zitsime, pakuti luso lina analibe. Ankakumba modekha, kumangira njerwa m'kati, ndipo sankalola munthu kutsika m'dzenje lawo asanalichirikize. Anasi anamwalira Millicent ali ku sekondale ku Ludzi. Rodrick anakula, anakwatira Ruth, n'kumanga nyumba yake pafupi ndi ya bambo ake aang'onowo. Rodrick ankalima fodya ndi chimanga kumunsi, m'mphepete mwa dambo. Anali munthu wolimbikira, koma wothamanga mtima, ndipo chaka chilichonse fodya akamugwetsa ankalumbira kuti apeza njira ina yotulukira mu umphawi.

Millicent anali ndi mutu wakuthwa. Anafika mpaka ku yunivesite, ndipo kumeneko anasankha maphunziro a miyala. A Sakala ananyadira pamaso pa anthu, koma mumtima ankadabwa kuti mwa zinthu zonse za pa dziko, mwana wawo wakondanso miyala. Atamaliza anapeza ntchito ku Lilongwe, yoyeza dothi ndi miyala ya anthu omanga misewu.

Pa Khirisimasi ina anabwera kumudzi. Anawapeza bambo ake pakhonde akuluka nsonga ya chingwe imene inayamba kumasuka, n'kukhala pansi pafupi nawo.

"Bambo, ndapeza ntchito ina. Poyamba ndizigwirira ku Lilongwe konko pa kompyuta, kenako adzanditenga kupita ku Amerika."

"Ndi ya boma la kumeneko?"

"Ayi, ndi kampani. Ikufuna kukakumba migodi kumwamba."

A Sakala anasiya kuluka. Millicent anafotokoza pang'onopang'ono kuti kutali, kupitirira mwezi, kuli miyala yongoyandama mumlengalenga, ina yaikulu ngati phiri, ndipo ina mwa iyo ndi yodzaza ndi zitsulo zamtengo wapatali. Kampaniyo inali kupanga kachombo kopita kukaijambula pafupi. Ntchito ya iye inali kuthandiza kusankha mwala woyenera kupitako.

"Nanga wotsika m'dzenjemo ndani?"

"Palibe munthu, ndi makina okhaokha. N'chifukwa chake ndavomera. Zikatheka, sipadzakhalanso mwana wa munthu wofera pansi ngati mmene anafera bambo aakulu."

A Sakala anatsokomola. Kenako anafunsa kuti miyalayo ndi ya yani.

"Si ya munthu aliyense. Akampani akuti amene watapa, chimene watapacho ndi chake."

"Mgodi uli wa boma tinkadziwa khomo lokadandaula," anatero a Sakala. "Atabwera akampani, khomolo linasamukira kutsidya kwa nyanja. Tsopano ukundiuza kuti lapita kumwamba. Nanga anzanga amene adakali ku Kitwe adzadya chiyani kopa akamachokera uko?"

Millicent anayankha kuti zimenezo zidakali kutali kwambiri, mwina iye adzakhala atakalamba. A Sakala sanamuletse. Anangoti azipemphera, n'kupitiriza kuluka chingwe chawo.

Mwezi wa Febuluwale, chimanga chitamasula ngayaye, kunamveka kugunda kwakukulu masana dzuwa likuswa mtengo. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Ena anati ndi bingu, ngakhale kunalibe mtambo, ena anati akuphulitsa miyala tsidya la Zambia. Ruth, amene anali kumunda kuthyola nkhwani, anamva kanthu kakulira ngati mluzu, kenako kugwa pakati pa mizere. Anapeza phesi lothyoka, ndipo pambali pake panali mwala wakuda bii, wosalala ngati wapsa pamoto, waukulu ngati chibakera. Unali wolemera kuposa mmene unkaonekera. Tizidutswa tina anatitola anthu m'minda yoyandikana.

Rodrick anaujambula ndi foni n'kutumiza chithunzi kwa mlongo wake. Millicent anaimba nthawi yomweyo, ali wosangalala kwambiri. Anati ayese kuukhudza ndi maginito. Rodrick anachotsa maginito m'sipika ya wailesi yakale, ndipo anamatirira. Millicent anauza mabwana ake, ndipo iwo anati agula mwalawo ndi tizidutswa tina kuti ayesere makina awo, pakuti unachokera komwe ankafuna kupitako. Iye anaona ngati wachitira abale ake chinthu chabwino.

Nkhani inathamanga kuposa mmene ankaganizira. Sabata isanathe, kumudziko kunadzaza njinga zamoto. Kunabwera ogula a ku Chipata ndi a ku Lilongwe, ena otumidwa ndi anthu akunja osonkhanitsa miyala yotereyi, atanyamula timasikelo m'matumba. Wailesi zakale zonse za m'mudzi zinaphwasulidwa. Amuna, amayi ndi ana ankayenda m'minda akukoka maginito pa chingwe, osayang'ana kuti akuponda chimanga cha yani. Anthu amene anakhala moyandikana bwino kuyambira kale anayamba kukanganirana malire. Mnyamata wina anatemedwa ndi chikwanje pa mkono chifukwa cha kamwala kamene pambuyo pake kanapezeka kuti n'kachitsulo ka pulawo.

Kenako kunabuka mphekesera yakuti tizidutswato ndi ana chabe, mayi wake, mwala waukulu, analowa pansi m'dambo, kumunsi kwa munda wa Rodrick, pamene panali kadzenje kodikha madzi. Palibe amene anauona ukugwa pamenepo, koma aliyense ankadziwa munthu amene anauona. Millicent anaimba foni kunena kuti miyala yotere nthawi zambiri silowa pansi kwambiri, imapezeka pamwamba pomwe. Anthu anati akunena dala kuti abwere ndi azungu ake adzaufukule okha.

Rodrick anapita kwa a Sakala m'mawa wina, n'kukhala pa njerwa pafupi ndi khomo.

"Bambo, ndabwera kudzapempha. Malo aja ndi athu. Tikapanda kukumba ife, abwera ena. Inu mukudziwa kukumba, ine ndili ndi mphamvu."

"Dothi la m'dambo nthawi ya dzinja silikumbidwa. Pamwamba ndi dongo, pansi ndi mchenga wonyowa. Limagwa osachenjeza."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa inu."

"Mlongo wako wanena kuti mulibe kanthu."

"Mlongo wanga amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Ine ndili ndi ana anayi ndi fodya wopanda feteleza. Mulungu waponya chinthu m'munda mwanga, ndiye ndingokhala?"

A Sakala anakwiya, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. Anamuuza kuti sanamulere kuti adzamukwirire ndi manja awo. Analowa m'nyumba, n'kutsekera piki, fosholo, chingwe ndi matabwa awo m'chipinda, kiyi n'kuika m'thumba. Anaganiza kuti popanda zida Rodrick agwa ulesi. Tsiku lomwelo ananyamuka kupita kumudzi wina kukaona chitsime chimene chinang'aluka khoma.

Rodrick sanagwe ulesi. Anatenga khasu ndi ndowa, n'kuitana anzake awiri. Anakumba dzenje lopapatiza kuti atsike msanga, osaika thabwa ngakhale limodzi. Madzi akadzaza ankawakapa ndi ndowa. Anthu ankabwera kudzaima m'mphepete, kusuzumira ndi kufunsa ngati maginito ayamba kukoka.

Mvula inagwa usiku wonse, ndipo kutacha Rodrick anatsikanso. Chakumasana foni ya a Sakala inalira. Anali Ruth, ndipo mawu ake sankamveka bwino chifukwa cha kulira kwa anthu kumbuyo kwake.

"Bambo, bwerani. Dzenje lagumuka, amuna anga ali m'kati."

A Sakala anapalasa njinga ngati mnyamata, chifuwa chikuwawa ngati muli moto. Atafika anapeza khamu litazungulira dzenje, amuna ena akukumba ndi makasu pamwamba penipeni, dothi lina likugwerabe m'kati chifukwa cha kulemera kwa anthu. Anawauza onse kuti abwerere m'mbuyo. Anapatsa Ruth kiyi kuti akatenge zida ndi matabwa, n'kutuma amuna kukazula zitseko za nyumba zapafupi. Palibe amene anakaniza chitseko chake.

A Sakala anagona chafufumimba, khutu lili pa dothi, ndipo anamva kubuula chapansipansi. Rodrick anali moyo. Ndowa imene ankakapira madzi inali itatsamira pafupi ndi nkhope yake n'kusiya kampata ka mpweya. A Sakala anaimika zitseko m'mbali mwa dzenje, kuzipinga ndi matabwa, n'kutsika okha pa chingwe. Pafupi ndi munthu anasiya fosholo n'kuyamba kufukula ndi manja. Ankamulankhula nthawi yonseyi, kumuuza kuti apume pang'onopang'ono, asayese kudzikoka. Atafika pa chiuno, Rodrick ananena motsitsa mawu kuti miyendo yake sakuimva.

Anamutulutsa dzuwa litapendeka, atamugoneka pa chitseko. A Sakala atakwera pamwamba anakhala pansi m'matope, n'kutsokomola mpaka kulavula magazi. Galimoto ya wogula miyala wina ndi imene inanyamula Rodrick kupita naye kuchipatala ku boma, ndipo kumeneko anamutumiza ku Lilongwe. Madokotala anati msana wathyoka.

Millicent anawapeza kuchipatalako. Ruth atamuona sanadzuke pa benchi.

"Alamu, mwabwera kudzatenga mwala wanu? Uli kunyumba m'chitini cha shuga. Katengeni."

"Ine ndinanena kuti asakumbe, alamu."

"Munanena. Koma amene anaitana anthu onse aja ndani? Mwala uja ndinautola ine. Ndikanangouponya kuchimbudzi, bwenzi amuna anga akuyenda."

Millicent anatuluka panja akulira. A Sakala anamutsatira, n'kumupeza atatsamira khoma. Ankafuna kumuuza kuti si mlandu wake, koma mawu anawakanika, chifukwa m'mutu mwawo munali mlandu wina. Akanapita ndi Rodrick, akanachirikiza dzenjelo. Akanakumba limodzi, kupeza mchenga wokhawokha, n'kubwerera kunyumba atatopa koma onse akuyenda. Anakana pofuna kumuteteza, ndipo kukanako n'kumene kunamutsitsa m'dzenje ndi khasu lokha. Anaima pambali pa mwana wawo mpaka analeka kulira.

Ogula anasowa mwadzidzidzi monga anabwerera. Kampani ya Millicent inagula mwala wa Ruth ndi tizidutswa tingapo, kenako inati zakwana. Inatumizanso uthenga wachipepeso, ndipo anzake a Millicent anasonkherana kugulira Rodrick njinga ya olumala. Ena m'mudzi anati ndi anthu achifundo, ena anati akudzisambitsa m'manja. M'dambo simunapezeke kanthu. Chimene chinatsala ndi maenje odzaza madzi ndi chimanga chogona pansi. Chaka chimenecho mabanja ambiri a kumunsi anakolola zosafika n'komwe mwezi wa Okutobala, ndipo amayi ankawoloka malire kukachita ganyu yolipidwa chimanga.

A Sakala sanatsikenso m'chitsime. Adokotala anawauza kuti mapapo awo atha, akapitiriza adzakomokera pansi. Mvula itatha ankapita kudambo m'mawa uliwonse ndi fosholo, kukwirira maenje aja pang'onopang'ono, akupumira pafupipafupi, kuopa kuti mungagwere mwana kapena ng'ombe. Amayi ena anayamba kuwathandiza, ndipo pamene akwirira ankabzalapo mbatata.

Nthawi yoti Millicent anyamuke itakwana, anabwera kudzatsanzika. Anauza bambo ake kuti ngati akufuna, akhoza kuikana ntchitoyo.

"Ukaikana, Rodrick adzuka?"

"Ayi."

"Ndiye pita. Koma ukakhala m'misonkhano yawo, akamanena kuti kumwamba kulibe munthu wovulala, uziwauza za achimwene ako."

Analonjeza. Anapita kukatsanzika kwa Rodrick, amene anamulandira bwino n'kumuseka kuti akamubweretsere nsapato za ku Amerika ngakhale sadzaziponda pansi. Ruth anakhala kukhitchini mpaka galimoto inanyamuka.

Chaka chotsatira kachombo kaja kanaulutsidwa. Millicent anatumiza kanema pa foni, ndipo a Sakala anaonera moto ukukwera kumwamba, anthu ovala malaya ofanana akuwomba m'manja ndi kukumbatirana. Anamufunafuna mwana wawo pakati pawo koma sanamuone. Patapita miyezi ingapo, iye anaimba madzulo ena, a Sakala akutsekera mbuzi.

"Bambo, kachombo kathu kasiya kuyankha. Tayesa njira zonse. Kangopitirira, sitikudziwa kuti kali kuti."

"Ndiye ntchito yonse ija yapita?"

"Yapita. Anthu amene anaika chuma chawo akuti aganizenso. Anzanga ambiri auzidwa kuti asabwerenso Lolemba. Ine sanandiuze kanthu."

Anamva kuti akulira. Iwo amene sanaikonde ntchitoyo kuyambira pa chiyambi anadabwa kuona kuti mtima wawo ukuwawa. Ankadziwa mmene zimakhalira kudikira kuti dzina lako litchulidwe. Anamufunsa ngati wadya, ngati kumeneko kukuzizira, ngati ali ndi munthu wocheza naye. Anamuuza kuti zikavuta abwere, nyumba ilipo. Iye anati ayamba wadikira, mwina kampani ina yochita zomwezo imutenga, pakuti zilipo zingapo ndipo zonse zikuthamangira kumodzi.

M'mawa mwake a Sakala anapita kwa Rodrick. Inali nyengo yosankha fodya, ntchito imene munthu angaigwire atakhala pansi, ndipo Ruth anali atalima yekha kachigawo kakang'ono chaka chimenecho. Anakankha njinga ya Rodrick mpaka m'chigafa, akuima panjira kuti apume. Atamukhazika pa mphasa, anamuuza za kachomboko.

Rodrick anatenga tsamba la fodya, analitambasula pa bondo n'kuliyang'ana kuwala.

"Ndiye atumiza kena?"

"Akuti mwina."

"Atumiza. Anthu amene aja satopa." Anaika tsambalo pa mulu wa kumanzere. "Mumuuze asabwere msanga. Kuno kulibe chimene angachite."

Ruth analowa ndi mtolo wina wa fodya pamutu, anautula, n'kufunsa ngati alamu ake ali bwino kumeneko. Kanali koyamba kufunsa za iye chichitikireni ngoziyo. A Sakala anayankha kuti ali bwino, kungoti ali ndi nkhawa. Ruth anagwedeza mutu, n'kutuluka kukatenga mtolo wina. Amuna awiriwo anapitiriza kusankha fodya mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo fumbi la masamba litawakwana a Sakala, anatuluka kukakhala pamthunzi.